Besi Yamanzere ya Amalume Langisoni

Loweruka lathali tinasonkhana ku manda a ku Mabvuku kukavundukula chiliza cha amalume anga, a Langisoni Nkhoma, poti patha chaka chimwalirireni. Nsalu itachotsedwa anthu anaomba m'manja, ena n'kumajambula ndi mafoni. Ine manja anga anakana. Pamwamba pa dzina lawo wosema mwala anajambulapo gitala, koma gitala yake ya nsambo zisanu ndi imodzi, ija amaimbira nyimbo zachikondi anyamata a kusukulu, khosi lake litaloza kumene limaloza kwa munthu wina aliyense. Amalume sanaimbepo chinthu chotero moyo wawo wonse. Iwo ankaimba besi, gitala ya mawu apansi ya nsambo zinayi zonenepa, ndipo besi yawo yomaliza inali yamanzere. Ndikudziwa chifukwa thabwa lake ndinapala ndine.

Chilizacho anagula ndi mwana wawo Tendai, msuweni wanga wokhala ku Joni. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa kuti chithunzicho anasankha ndani. Anandiyankha m'Chishona, poti Chichewa amangomva koma pakamwa pake sichituluka. Anati gitala ndi gitala, wosemayo anali ndi imeneyo mu kompyuta yake, nanga akufa amawerenga nsambo?

Amalume anali munthu wovuta, ndipo sindisintha mawu chifukwa choti anagona. Anabadwira muno mu Harare, bambo awo atachokera ku Dedza kudzaphika m'nyumba za azungu, koma chitupa chawo chinkanena kuti ndi mlendo mpaka imvi zinamera. Mwina ukali unayambira pamenepo, sindidziwa. Ankakangana ndi aliyense wowononga mawu. Akakwera kombi ya sipika yong'ambika ankauza dalaivala kuti azimitse wailesi, akakana ankatsika ngakhale pakati pa njira, n'kumaliza ulendo wapansi. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa amuna oimba besi mu kwaya, ndipo mmodzi akaphonya ankatsokomola dala. Abusa anawapempha kangapo kuti asamukire kutsogolo. Iwo ankati kutsogolo kumakhala ofuna kuonedwa, zoona zimamveka kumbuyo. Pa mzere wa kumjigo, poti ku Mabvuku mipope inauma kalekale, ankagogoda zigubu za anthu ndi chala n'kumauza eni ake kuti chanu ichi chasweka kunsi, musavutike nacho. Nthawi zambiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake anthu sankawakonda.

Dzanja lawo lamanzere linkakhala m'thumba la jekete nthawi zonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ana a m'dera lathu ankati m'thumbamo muli mankhwala. Munalibe mankhwala. Munali chala chachikulu ndi kachala kakang'ono, zitatu zapakati zinatsala m'makina odulira malata ku fakitale ina ya ku Southerton, ine ndili wamng'ono.

Ngoziyo isanachitike, m'kati mwa mlungu ankagwira ntchito ku fakitaleko, Loweruka ndi Lamlungu n'kumaimba besi m'gulu la a Tichafa, woimba wa Chishona amene nyimbo zake za sungura zinkamveka m'mabawa onse kuyambira ku Mbare mpaka ku Mufakose. Amalumewo anthu ankawatcha Chigayo, chifukwa besi yawo ikayamba pansi pankanjenjemera ngati chigayo chili pafupi. Akuluakulu amene anawaona amati ovina ankatsatira iwo, osati mwini nyimbo. Koma gululo litatulutsa chimbale choyamba, dzina lawo panalibe. Pansi pa chithunzi chawo panalembedwa dzina lina la Chishona limene iwo anali asanalimvepo. A Tichafa anawafotokozera kuti dzina la ku Malawi silingagulitse nyimbo, anthu adzati ndi gulu la Mabhurandaya, mmene ankatinyozera ife ana a anthu obwera. Amalume anameza, poti anali mnyamata ndipo ankafuna kuimba. Amalume atadulidwa zala, a Tichafa anabwera kuchipatala kamodzi. Pochoka anadzera kunyumba kukatenga besi imene amalume ankaimba, ati inali ya gulu. Mlungu wotsatira pamalo pawo panaima munthu wina, akuimba zomwezo zimene amalume anapeka, ndipo dzina labodza lija linapitirira kulembedwa pa zimbale ngati yunifomu yosiyirana.

Zaka zambiri zinadutsa amalume osakhudza nsambo. Anapeza ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu ku Lochinvar, nagwira mpaka kupuma. M'nyumba mwawo nyimbo za a Tichafa zinali zoletsedwa. Tsiku lina imodzi inayamba pa wailesi, ndipo m'malo mozimitsa ananyamula wailesiyo n'kuiponya mu mgolo wa madzi. Akazi awo, aNabanda, sanalire wailesi. Analira madzi, amene anawatunga kuyambira m'mamawa, ndipo nkhaniyi amaikambabe mokwiya mpaka lero. Tendai ali mwana anadzipangira kagitala ka chitini cha mafuta, bambo ake atakapeza anakaponda n'kumuuza kuti m'nyumba muno woimba analimo mmodzi ndipo akwana. Sindibisa zimenezi. Tendai ali ndi zifukwa zake zosawerengera nsambo. Koma zifukwazo sizimupatsa ufulu wochita zimene anachita.

Ine ndine kalipentala. Ndili ndi kashedi ku Glen View, pamalo aakulu aja timapangira mipando ndi mabedi pabwalo, ndipo ntchito yanga ndi mawadiropu ndi makabati a kukhitchini. Amalume anatulukira kumeneko m'mawa wina, atapuma kale pa ulonda, atanyamula katoni yodulidwa mooneka ngati gitala. Anaiika pa tebulo langa pamwamba pa utuchi.

"Iwe Josamu, undipangire besi."

Ndinaseka, kuyesa nthabwala. Ndinati ine ndimapanga mawadiropu, amalume, magitala alipo m'masitolo m'tauni.

"A m'sitolo anapangira anthu a zala khumi. Ine ndili ndi zisanu ndi ziwiri. Tembenuza katoniyo."

Nditatembenuza ndinamvetsa. Woimba besi amakanikiza nsambo pa khosi la gitala ndi dzanja lamanzere, n'kumazikoka ndi lamanja. Iwo ankafuna zosemphana, dzanja lamanja lokhala ndi zala zonse lizikanikiza, chala chachikulu chotsala chija chizimenya nsambo. Kunali kuyambiranso ngati mwana. Ndinawafunsa chimene chawadzutsa patapita zaka zonsezi. Anati dzulo lake ali mu kombi anamva a Tichafa akufunsidwa pa wailesi za mmene ankapekera nyimbo. A Tichafa anayankha kuti besi yonse ya m'nyimbo zawo zakale inkachokera m'mutu mwawo, ankangoiimba pakamwa, anyamata n'kumatsatira.

"Dzina anatenga, ndinakhala chete. Gitala anatenga, ndinakhala chete. Tsopano akufuna ndi zimene zinali m'mutu mwanga zomwe. Usandifunsenso, tenga pensulo."

Mkangano woyamba unali wa thabwa. Ndinawauza kuti paini ndi wopepuka, sangawalemere paphewa, ndiponso savuta kupala. Anati paini ndi wa mabokosi a maliro, iwo sanafe. Anazungulira mashedi a anzanga akugogoda matabwa, khutu ataligunditsa, anthu n'kumasiya ntchito kuti awaonerere. Thabwa lililonse linali ndi mlandu wake. Ili ndi laliwisi, ili ndi logontha, ili likunama. Pomaliza anaima pa chitseko chakale cha mlombwa, umene kuno amati mukwa, chimene ndinasunga kuti ndidzapangire tebulo. Anachigogoda nanena kuti ndi chimenechi. Nditadula, thupi la gitalayo linalemera ngati mwala wa mphero. Ndinati ndiligobe m'kati, nditseke pamwamba, kuti lipepuke. Anakana kwamtuwagalu, ati ndikufuna kuba mawu a mtengo. Anadzavomera atalikoleka paphewa ndi chingwe n'kuona kuti sangaime nalo ngakhale nyimbo imodzi. Sanandiuze kuti ndinanena zoona. Anangoti ndigobe, koma mwaulemu.

Khosi ndilo linatidyera nthawi. Besi wamba ili ndi khosi lalitali, zala zimayenera kutambasuka kwambiri, pamene dzanja lawo lamanja linali lisanachitepo zimenezo ndipo nyamakazi inali italowa kale. Anafuna khosi lalifupi ndi lopyapyala, komanso losapindika nsambo zikamakoka, choncho m'kati ndinagonekamo chitsulo. Ndinkapala pang'ono, iwo n'kulitenga kupita nalo kunyumba. Ankayenda nalo mu kombi ali chifumbatire, zala zikuyendayenda pa thabwa lopanda nsambo, mawa lake n'kubwera kudzandiuza kuti apa pakundiluma. Ndikapala ankati ndapitirira. Loyamba ndinalitaya ndithu, n'kuyamba lina. Makasitomala anga a mawadiropu anayamba kudandaula. ANabanda nawo ankandiimbira foni kuti ndawapezera amuna awo mitala, poti thabwalo ankakhala nalo ndi pa chakudya pomwe. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinawauza amalume kuti apite kwa amisiri enieni a magitala. Anandiyang'ana nati mlongo wawo sanabereke munthu wosiyira ntchito panjira, ngati ndasiya ndiye kuti anandisinthanitsa kuchipatala. Ndinatolanso sandipepa n'kupitiriza kusalaza khosilo.

Za mawaya sindizidziwa, choncho ndinaitana Chipo, mayi wokonza mafoni ndi maampulifaya amene ali ndi tebulo lake pafupi ndi geti. Chipo amakonzera zida magulu a nyimbo zauzimu ndipo amadziwa zimene oimba a masiku ano amafuna. Anabwera ndi zithunzi pa foni, akulankhula Chishona chothamanga, amalume n'kumayankha m'Chichewa dala, ngakhale Chishonacho ankachidziwa kuposa ine. Ndinasanduka womasulira wa anthu awiri omvana bwinobwino.

Chipo anayamba ndi nsambo. Anati masiku ano aliyense akufuna zisanu, yachisanuyo imatsika pansi mpaka anthu kuimva m'mimba. Amalume anati munthu wolephera kunena zake pa nsambo zinayi, ukamupatsa yachisanu amangowonjezera bodza. Anafunanso nsambo zosalala, osati zamizeremizere zofala zija, chifukwa khungu la chala chawo chotsalacho linali lanthete pafupi ndi chipsera. Zosalalazo mu Harare tinazisowa, zinachita kubwera pa basi ya ku Joni. Ine ndinaponyapo langa, ndinati bwanji pa khosi tisaikepo tizitsulo todulira mawu tija, kuti izilira mokoka ngati babatoni, besi yopanga pamanja imene agogo ankatisimbira za kwawo. Ndinaona kuti zawakhudza. Komabe anati ayi, wophunzira kuyenda ali nkhalamba amafuna masitepe, tizitsuloto tiikepo.

Pa mapikapu, timaginito totola mawu a nsambo kupititsa ku ampulifaya, anakangana mpaka anthu anatizungulira. Chipo ankafuna awiri, wina pafupi ndi khosi wa mawu onenepa, wina kumunsi wa mawu akuthwa, kuphatikiza kabokosi ka batire kowonjezera mphamvu ndi mabatani atatu opotokola.

"Sekuru, mukakana batire mawu atuluka ozizira," anatero Chipo, kuwaitana agogo m'Chishona, ine ndikumasulira.

"Umuuze kuti m'dziko muno magetsi amathawa, madzi amathawa, ana amathawa. Sindiika m'gitala yanga chinthu china choti chidzandithawe ndili pakati pa nyimbo."

"Nanga mabatani?"

"Limodzi. Akuona zala zingati zopotokolera?"

Anatulutsa dzanja lija m'thumba n'kuliika pa tebulo, anthu onse akuona. Ena anayang'ana kumbali. Chipo sanatembenuze nkhope. Analigwira, nayeza ndi tepi kuchokera pa chala chachikulu kufika pa kachala kakang'ono, kenako anachonga pa thabwa pamene batani liyenera kukhala kuti kachalako kazilifikira, ndi pamene ine ndimate kathabwa koti kazitsamirapo chachikulu chikamamenya. Pikapu anaika mmodzi, pafupi ndi khosi, wopanda batire. Kuyambira tsiku limenelo amalume ankamuyankha m'Chishona.

Chotsala chinali utoto ndi dzina. Ndinali ndi penti yofiira yotsala ku makabati, koma anati mlombwa suvala diresi, ndingoupaka mafuta. Kumutu kwa gitala, kumene opanga amalembako dzina la kampani, ine ndinkafuna kulembako dzina la shedi yanga kuti ndipezereko makasitomala. Mnzanga wa shedi yoyandikana anati ali ndi sitika ya kampani yotchuka ya kunja, timate imeneyo kuti anthu aziipatsa ulemu. Sindinawaonepo amalume atakwiya chotero. Sanakuwe. Anatsitsa mawu mpaka tinangomva awirife, nati iwo anakhalapo kale ndi sitika pankhope, ndipo womata dzina la eni pa chinthu chawo adzamudula zala kuti afanane. Anandiuza kuti ndiwotche msomali pa moto. Ndinalemba ndi msomali wofiirawo, chilembo chimodzichimodzi, Langisoni Nkhoma, iwo ataima pamsana panga. Dzinalo linali lalitali, linachita kukhota potsatira m'mphepete.

Tsiku loiyesa tinadikira magetsi mpaka masana. Chipo anabwera ndi ampulifaya ya kasitomala wake. Amalume anakhala pa bedi losatha kupanga, namenya nsambo yonenepa kwambiri kamodzi kokha. Utuchi unavina pa tebulo. Anausiya mawuwo kulira mpaka anatha okha, maso ali pansi. Tonse tinkadikira kuti anena chiyani. Anati mukumveka kaphokoso ka udzudzu, Chipo atsegulenso.

Pa maliro awo chaka chathachi a Tichafa anabwera ndi galimoto yaikulu ndi anthu owajambula. Anapatsidwa mpata wolankhula, sindidziwa kuti ndi ndani. Anati womwalirayu anali ngati mng'ono wawo, ndipo akunyadira kuti asanamwalire anamupatsa mwayi wokweranso pa siteji. Anawatchula ndi dzina labodza lija. ANabanda, amene mwa mwambo anayenera kukhala pansi chete pakati pa amayi, anadzuka nanena kuti m'bokosimo muli Langisoni Nkhoma, ngati abwera kudzalira munthu wina ndiye kuti asochera nyumba. Za mwayi wa pa sitejizo ine ndinalipo, ndipo ndinena mmene zinayendera.

Besi itatha, amalume anaiphunzira kupitirira chaka. Ndikapita kukawaona ndinkamvera kunja, poti ankadzitsekera, ndipo zinali zowawa kumva. Mutu unkadziwa nyimbo yonse, dzanja silinkadziwa kanthu. Zala zinatuluka matuza, chala chachikulu chinang'ambika kangapo. Kenako kunamveka kuti a Tichafa akukondwerera zaka zawo zambiri pa zoimba, kudzakhala dansi yamasana pa bwalo lina ku Tafara, pafupi ndi kwathu. Amalume palibe anawaitana. Anavala suti yawo ya kutchalitchi, besi anaikulunga m'bulangete, nandiuza kuti ndiwaperekeze.

Tinafika gulu likuimba kale. Anadutsa pakati pa anthu ngati akupita kuntchito, nakwera masitepe a m'mbali. Alonda anawasiya poona imvi ndi suti. A Tichafa atatembenuka n'kuwaona nkhope inagwa, koma ndi munthu wozolowera gulu, anaseka msanga nawakumbatira. Anauza khamulo kuti awa ndi sekuru amene ankatinyamulira zida kalelo, lero abwera ndi kagitala kawo kopanga okha, tiyeni tiwaombere m'manja. Anthu anaseka, naomba.

Amalume anatulutsa besi yawo m'bulangete muja. Anazula waya ku besi ya woimba wa gululo n'kuulowetsa mu yawo. Anayamba nyimbo yakale ija imene aliyense amaizindikira besi ikangoyamba. Sindinama kuti zinali zokoma. Ankaimba mochedwa. Wa ng'oma analowa ndi liwiro la masiku ano, iwo n'kutsalira, chala chinaphonya nsambo, chinaphonyanso, ndipo kutsogolo achinyamata ankaseka poyera, mafoni ali m'mwamba. Ndinafuna kukwera kuti ndiwatsitse. Iwo anatembenukira wa ng'omayo namuyang'ana mpaka analeka. Anayambiranso okha, pa liwiro lawo. Pang'onopang'ono nyimboyo inaima, yotsimphina koma yomweyo, ndipo ndinaimva m'matabwa a siteji amene ndinatsamira. Chakumbuyo, kumene kunaima anthu achikulire, mayi wina anaitana kuti Chigayo. Bambo wina anabwereza. Sanali ambiri.

A Tichafa anatsinzinira munthu wa pa makina, ndipo mawu a besi anatsitsidwa mpaka zii. Amalume anapitiriza kumenya nsambo zosamveka, kenako anazindikira. Anapita pa maikolofoni ya a Tichafa, natembenuza mutu wa gitala kuloza kwa anthu. Analankhula m'Chichewa, pamaso pa khamu limene ambiri sachimva.

"Dzina langa ndi ili lalembedwa apali. Nyimbo mwamvayi ndinapeka ndine, ndili ndi zala khumi. Sindinanyamulepo katundu wa munthu."

Maikolofoni nayo anaizimitsa. Alonda aja tsopano anakumbukira ntchito yawo, nawagwira m'mikono kuwatsitsa, besi ikugunda masitepe mpaka inabenthuka m'mphepete. Munthu wa imvi, wovala suti, kumukoka ngati waba nkhuku, nyimbo yake ikuyambiranso kumbuyo kwake ndi dzanja la wina. Ndinawaperekeza mpaka pa geti la kwawo. Ndinati pobenthuka paja ndidzakonza, anakana. Anandiuza kuti batani la Chipo lili pamalo abwino, koma khosi ndinalisiya lonenepa.

Mwayi umene a Tichafa anawapatsa ndi umenewo. Kanema wa tsikulo anayenda m'mafoni kwa milungu, atadulidwa kuti azionetsa pophonya pokha, ndi tinkhope toseka pansi pake. Mawu awo a pa maikolofoni munalibemo. Amalume sanakwerenso siteji ina. Sitiroko inawagwira pa mzere wa kumjigo, chigubu chili m'manja, ndipo sanadzukenso.

Pogawa zovala maliro atatha, ine ndinapempha kuti besi ikhale m'nyumba kwa aNabanda. Tendai anati ndi ya bambo ake, ndipo mwana ndi iyeyo. Anapita nayo ku Joni n'kukaipereka ku gulu loimba la kutchalitchi kwawo. Loweruka lomweli, titaima pambali pa chiliza paja, anandionetsa pa foni poganiza kuti ndisangalala. Nsambo anazitembenuza kuti aziimba wa dzanja lamanja. Kathabwa ka kachala anakazula. Anaboola kumbuyo n'kuikamo batire, thupi lonse anapaka penti yoyera. Kumutu anamatako sitika ya dzina la mpingo wawo. Anati tsopano ikugwira ntchito ya Mulungu. Ndinamufunsa ngati anayamba wawerenga zimene zili pansi pa sitikayo. Anati dzina la bambo ake amalidziwa, safunika kuliwerenga pa thabwa. Sindinamumenye chifukwa tinali pa manda ndipo mayi ake ankatiyang'ana. Ndinachoka osadikira pemphero lotsekera.

Dzulo ndinapita kukaona aNabanda. Kachipinda kakumbuyo, kamene amalume ankadzitsekeramo, akukakonza kuti alowemo wa lendi mwezi ukatha. Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Muli mpando wamatabwa umene anaudula chotsamira cha kumanja kuti khosi la besi lizidutsa. Anadula mokhota, ndi macheka obuntha, osandiitana ine kalipentala. Mpandowo unayandikizidwa ku wadiropu yakale, ndipo pa chitseko chake, pa msinkhu wa phewa la munthu wokhala pansi, pali kadzenje kosalala kodetsedwa ndi mafuta. ANabanda anati magetsi akathima, ndiye masiku ambiri, amalume ankakanikiza mutu wa besi pamenepo kuti wadiropu yonse izilira m'malo mwa ampulifaya. Zovala ankayamba azitulutsa n'kuziunjika pansi, ati zimameza mawu. ANabanda ankazibwezeramo madzulo, mawa n'kuzipezanso pansi, mpaka anatopa n'kusamutsira zawo m'masutikesi.

Ndinatsegula wadiropuyo. Mulibe kanthu, ngakhale hang'ala. Ndinawafunsa chifukwa chake sanabwezeremo zovala zawo, poti tsopano palibe wozitulutsa. Anati wa lendiyo akufuna wadiropu ichoke, ali ndi yake ya pulasitiki, ndiye ndidzabwere ndi ngolo kudzaitenga, mwina ndipezapo matabwa. Ndinati ndibwera ndikapeza mpata. Anatseka chitseko cha wadiropuyo pang'onopang'ono, ndi manja awiri, kuti chisamveke.